Mtsinje wa pa Bolodi

Akuluakulu adati mlandu suwola. Ine ndidagwira choko zaka zoposa 30 ndipo tsopano ndidapuma pa ntchito, koma ulipo mlandu umodzi umene umandiyenderabe usiku ngati mwini ngongole, ngakhale palibe bwalo limene lidandiitanapo kuti ndikauyankhe. Mlanduwo ndi wa nambala 3 ndi mtsinje umene kudalibe. Ndaganiza zoutula pamaso panu, inu ophunzira a m'makalasi apamwamba a sekondale, chifukwa ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ambiri mudzakhala makolo, ndipo nonse mudzakumana ndi funso limene lagona pansi pa mlanduwu. Kodi n'koyenera kuuza mwana chinthu chosaona ngati chinthucho chimuthandiza kupeza yankho loona?

Chidali chaka cha 1999. Ine ndidaphunzira uphunzitsi wa ku pulayimale, koma pa nthawiyo sukulu za sekondale zoyendera zinkachuluka m'midzi kuposa aphunzitsi ake, motero ambiri a ife tidapezeka tikuphunzitsa mafomu. Ine adandipatsa masamu a Fomu 1. M'kalasimo mudali ana oposa 80, mabuku adali owerengeka ndi zala, ndipo teremu idali itapendekera kale kumapeto pamene tidafika pa algebra, nthambi ija ya masamu imene zilembo zimaimira nambala. Ndidalemba pa bolodi kuti x + 3 = 10, kenaka n'kuwauza anawo zimene inenso ndidauzidwa ndili mnyamata. Ndidati timizere tiwiri ta pakatipo ndi mtsinje, ndipo nambala ikawoloka mtsinjewo imasintha chizindikiro: yophatikiza imasanduka yochotsera, yochotsera imasanduka yophatikiza. Tsono 3 awoloke, akhale −3, ndipo x = 10 − 3, amene ndi 7.

Anawo adalikonda phunzirolo. Ndikafunsa kuti nambala ikawoloka imatani, kalasi lonse linkayankha pamodzi ngati likupolokozana nyimbo ya pamtondo. Masamu 10 amene ndidawapatsa tsiku limenelo ambiri adawakhoza onse, ndipo ine ndidapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine katswiri.

Patangopita masiku owerengeka ndidawapatsa samu iyi: 3x = 12. Mtsikana wina wochokera kutali, amene ankafika m'mawa mame ali m'miyendo, adalemba kuti x = 12 ÷ (−3), ndipo yankho lake lidali −4. Ndidamuthetha ndi cholembera chofiira. Nditabweza makope, iye adabwera kutsogolo, nagwada mwaulemu pafupi ndi tebulo langa, nati, "Aphunzitsi, ndimati mundithandize. 3 uja wawoloka mtsinje, ndipo ndamusintha chizindikiro monga mudanenera. Ndalakwitsa pati?" Ndidamuyankha kuti 3 ameneyo ndi wochulukitsa, ndipo wochulukitsa ali ndi lamulo lakelake: akawoloka amapita pansi n'kukhala wogawa, koma chizindikiro sasintha. Mtsikanayo adayang'ana kope lake kanthawi, kenaka adafunsanso motsitsa mawu kuti, "Nanga n'chifukwa chiyani mtsinje womwewo ukusintha ena, ena ayi?" Ine ndidati, "Iwe, malamulo a masamu ndi otero. Kakhale pansi, usatichedwetse." Adakakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo mpaka chaka chidatha sadandifunsenso kanthu.

Tsono tiyeni tiuzenge mlanduwu. Mwanayo sadali waulesi ndipo sadali wogona m'kalasi. Adamva bwino zimene ndidanena, adazisunga, nazitsata mokhulupirika kuposa anzake amene adapeza 4 mongoganizira. Chimene chidamugwetsa ndi kundimvera. Ngati munthu walozera mlendo njira, mlendoyo n'kukagwera m'mbuna imene ili m'njira yomweyo, sitinganene kuti wolakwa ndi mlendo chifukwa chosayang'ana pansi.

Zoona zake n'zakuti pa bolodi palibe chimene chimawoloka. Chizindikiro cha = chimangonena kuti chimene chili kumanzere ndi chimene chili kumanja n'zolingana, monga mbale ziwiri za sikelo ya pamsika zikaima mofanana. Munthu amene adayamba kulemba chizindikirochi, Robert Recorde, dokotala wa ku Wales, adachiika m'buku lake la masamu mu 1557 chifukwa adatopa ndi kulemba mawu onena za kulingana mobwerezabwereza, ndipo adasankha mizere iwiri yotalika mofanana poona kuti palibe zinthu ziwiri zimene zingalingane kuposa imeneyo. Sikelo ikaima bwino, chilichonse chimene wachita ku mbale imodzi uyenera kuchitanso ku inzake, apo ayi ipendekeka. Pa x + 3 = 10 timachotsa 3 mbali zonse ziwiri, ndipo kumanzere kumatsala x, kumanja 7. Pa 3x = 12 timagawa mbali zonse ziwiri ndi 3, ndipo kumanzere kumatsala x, kumanja 4. Chifukwa chake ndi chimodzi chomwecho, ndipo chimagwira ntchito pa samu iliyonse ya mtundu umenewu. Koma mtsinje wanga uja unkafuna lamulo la ophatikiza, lamulo lina la ochulukitsa, linanso la okhala pansi pa mzere, ndipo lamulo lililonse linkadza lopanda mbale wake, loti mwana angolisenza pamutu.

Musaganize kuti kumvetsa chizindikiro cha = ndi chinthu chapafupi. Ana ambiri amachoka ku pulayimale akuganiza kuti chimatanthauza kuti yankho likubwera. Mu 1999, chaka chomwecho chimene ine ndinkakumba mtsinje wanga, ofufuza za maphunziro ku America adalemba za ana a kalasi lachisanu ndi chimodzi amene adafunsidwa nambala yoyenera kulowa m'kabokosi pa samu iyi: 8 + 4 = □ + 5. Mayankho onse 145 adali 12 kapena 17. Padalibe ngakhale mmodzi wolemba 7. Yesani samu imeneyi pa mng'ono wanu kunyumba, mudzaona nokha. Mwana wotere akafika ku Fomu 1 amafunika wina womuonetsa sikelo, ndipo ine m'malo mwake ndidamuonetsa madzi.

Ngakhale dzina lenileni la phunziroli limanditsutsa. Mawu akuti algebra adachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, amene ali pa mutu wa buku limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi adalemba mu mzinda wa Baghdad cha m'ma 820. Al-jabr ndi kubwezeretsa chinthu m'malo mwake, monga achitira wolunzanitsa fupa lothyoka: mbali imodzi ikakhala kuti yachotseredwa kanthu, umawonjezera kanthuko mbali zonse ziwiri kuti ikhalenso yathunthu. Mawu anzake pa mutu womwewo ndi al-muqabala, kutanthauza kuyang'anizitsa mbali ziwirizo ndi kuchotsa zofanana uku ndi uku. M'buku lonselo mulibe x kapena chizindikiro china chilichonse. Zonse adazilemba m'mawu, chosadziwikacho n'kumachitcha chinthu, ndipo gawo lalikulu la bukulo lidali la kagawidwe ka chuma cha masiye. Phunziro limene ife timaliyesa la zilembo zouma lidakulira pa milandu ya anthu ofuna kugawana mwachilungamo. Zilembo zidabwera mochedwa kwambiri. François Viète wa ku France adayamba kuzigwiritsa ntchito mwadongosolo mu 1591, ndipo chizolowezi choika x, y ndi z pa zosadziwika chidafala kuchokera m'buku la René Descartes la mu 1637. Ulendo umene anthu anzeru adauyenda zaka pafupifupi 800 ife timafuna kuti mwana wa zaka 14 auyende m'milungu itatu, ndipo akapunthwa timati ndi mbuli.

Komabe mlandu sauzenga pomva mbali imodzi. Mnzanga wina amene tinkagawana naye tebulo m'chipinda cha aphunzitsi, munthu wamkulu kwa ine ndiponso wokonda ana, adandiseka nditamuuza za nkhaniyi. "Achimwene," iye adatero, "mukudzizunza chabe. Ana 80, choko chosakwana, mayeso a JCE chaka chamawa. Mayi wa mwana uja amagulitsa nkhuni kuti alipire fizi. Chimene akufuna ndi satifiketi. Kodi mukamutengera mwanayo pang'onopang'ono mpaka amvetse, silabasi n'kutsala theka, ndiye kuti mwamuchitira chilungamo?" Adawonjeza kuti tonsefe timakhala ndi moyo pogwiritsa ntchito zinthu zimene sitizimvetsa. Timamwa mankhwala a malungo osadziwa mmene amaphera tizilombo. Mwana amayankhula Chichewa chosalala asanamve n'komwe za magulu a mayina. Kumvetsa, iye adati, nthawi zambiri kumabwera pambuyo pa kuchita, monga mmene mawu a akulu amakomera akagonera.

Mawu amenewa si opepuka, ndipo amene sadaimepo pamaso pa ana 80 dzuwa lili paliwombo asafulumire kuwanyoza. Mbali ina mnzangayo adanena zoona. Palibe mphunzitsi amene angafotokoze zonse pa tsiku loyamba, ndipo kubwereza samu kambirimbiri mpaka dzanja lizolowere si tchimo. Koma nditalingalira kwa nthawi yaitali ndidaona kuti iye adaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Kusiya kunena zina n'kosiyana ndi kunena zabodza. Dokotala akandipatsa mankhwala osandifotokozera za tizilombo, wasiya zina, ndipo ndikadzafuna kudziwa ndidzamanga pa zimene adandiuzazo. Koma akandiuza kuti mankhwalawo amagwira ntchito chifukwa ndi oyera, wandipatsa chifukwa chabodza, ndipo tsiku lina ndidzamwa chinthu china choyera n'kudzipweteka. Mtsinje wanga udali wa mtundu wachiwiriwu. Sudali chidule cha choonadi chimene mwana akadadzachifutukula atakula, koma chinthu chimene adayenera kudzachigumula kaye asanamange china.

Mabodza otere ndi ambiri m'makalasi mwathu, ndipo timawanena ndi mtima wabwino. Ku Sitandade 2 timauza mwana kuti sungachotse 5 mu 3, pamene Brahmagupta wa ku India adalemba kale mu 628 malamulo a nambala zochepera pa ziro, akuzifanizira ndi ngongole. Aliyense amene adakongolapo mchere pagolosale amadziwa kuti munthu angathe kukhala ndi zochepera pa kupanda kanthu. Kukadakhala kokwanira kumuuza mwanayo kuti zimatheka, koma adzaziphunzira m'tsogolo. Ku Fomu 1 timati 3m + 2n ndi mango atatu ndi nthochi ziwiri, n'chifukwa chake sitingaziphatikize. Mwana amavomera, kenaka amadabwa tikamuuza kuti m = 6, pakuti bango la nzimbe kapena bango la kudambo angalimvetse, koma mango kukhala 6 n'chiyani? Chilembo chimaimira nambala, osati chipatso.

Koma kugwa pa samu imodzi si chimene chimandisowetsa tulo. Samu imakonzeka. Chimene chimandivuta ndi phunziro lina limene ndidamupatsa mtsikana uja mosadziwa, ndipo limeneli adalikhoza. Ndidamuphunzitsa kuti chinthu chimakhala choona chifukwa wogwira choko wanena, kuti malamulo amasintha monga afunira mwini wake, ndiponso kuti wofunsa chifukwa ndi wochedwetsa anzake. Ife a msinkhu wanga tidakula pa nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, umene udatha mu 1994, pamene mwana aliyense ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kumvera pakokha si koipa, ndipo mudzi wopanda kumvera sukhala. Koma ambiri a ife tidazolowera kuona funso ngati mwano, ndipo chizolowezicho tidalowa nacho m'kalasi ngakhale nyengoyo itapita. Pakhomo timaphunzitsa ana mwambi wakuti safunsa adadya phula, koma mwana akafunsadi timamulamula kuti akakhale pansi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti algebra ndi amodzi mwa malo ochepa kumene mwana angathe kudziweruzira yekha popanda kudalira nkhope ya munthu wamkulu. Pa mbiri yakale, ndikanena kuti chinthu chakuti chidachitika chaka chakuti, mwana ayenera kundikhulupirira kapena kukhulupirira buku. Koma pa 3x = 12 umboni uli m'manja mwake. Ndikadangomuuza mtsikana uja kuti, "Tenga −4 wakoyo umuike pamene pali x, undiuze chimene upeze," iye akadachulukitsa 3 ndi −4, n'kupeza −12, ndipo akadaona ndi maso ake kuti mbali ziwirizo sizikulingana. Akadaikapo 4 n'kuona zikulingana. Zikadatenga mphindi imodzi yokha, ndipo akadabwerera pamalo pake ali ndi muyeso woyesera yankho lililonse, la iye mwini, la m'buku, ngakhale langa. Richard Skemp, katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu wa ku Britain, adalemba mu 1976 za kusiyana kwa kudziwa malamulo opanda zifukwa ndi kudziwa chochita pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo adafanizira ndi mlendo mu mzinda. Wina waloweza njira imodzi yochokera kumene akugona kupita ku ntchito, ndipo akaphonya pokhotera pamodzi wasochera. Wina ali ndi chithunzi cha mzinda wonse m'mutu, ndipo akasochera amadzibweza yekha.

Nanga n'chifukwa chiyani sindidachite zimenezo? Kwa zaka zingapo ndinkadziuza kuti nthawi idali yochepa. Koma pano ndakalamba, ndipo bodza la kwa ine mwini landitopetsa. Sindidamuyankhe chifukwa yankholo ndidalibe. Inenso ndidakhoza mayeso anga ndi mtsinje womwewo, ndipo funso la mwanayo lidandipeza pamalo pamene ndidali wamaliseche. Ndidaopa kuti ana 80 aona kuti aphunzitsi awo sakudziwa. Taonani kudabwitsa kwake: phunziro lonse la algebra limayamba ndi kuvomera kuti pali chinthu chimene sitikuchidziwa. Timachipatsa dzina lakuti x, timachikhazika poyera pa bolodi, n'kuyamba kuchifufuza mwa zimene tikuzidziwa. Ine amene ndinkaphunzitsa zimenezi ndidalephera kunena kuti, "Mwana wanga, funso lako ndi labwino. Leka ndikaliganizire, ndidzakuyankha mawa."

Ndidakaliganiziradi, ngakhale mochedwa. Chaka chotsatira ndidapanga sikelo ya kamtengo, chingwe ndi mbale ziwiri zakale. M'mbale imodzi ndinkaika mabokosi atatu a machesi, lililonse lobisa zitsekerero za mabotolo zochuluka mofanana, ndipo pambali pa mbale inayo, kuti kulemera kwa mabokosi kusasokoneze, ndinkamangirirapo mabokosi atatu opanda kanthu, m'mbalemo n'kuikamo zitsekerero 12. Ana ankagawa okha mbali zonse ziwiri patatu, n'kunena chimene chili m'bokosi asanalitsekule. Sindikufuna kudzitama kuti zonse zidayenda bwino. Tidachedwadi monga adanenera mnzanga uja, ndipo mitu ina ya kumapeto kwa silabasi tidaithamangira. Ana ena, makamaka ozolowera kuloweza, ankadandaula kuti ndingowauza lamulo basi. Komanso sikeloyo ili ndi malire ake, chifukwa pa x + 5 = 2 yankho ndi −3, ndipo palibe bokosi limene lingabise zitsekerero zochepera pa ziro. Kusiyana kwake n'kwakuti tikafika pamenepo ndinkawauza poyera kuti apa fanizo lathu lathera, koma mfundo yochita chimodzimodzi mbali zonse ziwiri ikupitirira. Ndipo mwana akafika potha kundifotokozera chifukwa chimene 3 wa kumanzere amaonekera kumanja ali −3, ndinkamulola kudumpha mzere wa pakatiwo polemba, pakuti njira yachidule siisokeretsa munthu amene akuidziwa yaitali.

Mtsikana uja sadaione sikeloyo. Adali atapita ku Fomu 2 kwa mphunzitsi wina, ndipo chaka chisanathe adasiya sukulu pa zifukwa za kunyumba. Sindinganene kuti adasiya chifukwa cha ine, ndiponso sindinganene kuti ndidamupatsa chifukwa chilichonse chokakamirira.

Ndidakumana naye mu 2019 pa msika wina, akugulitsa nyemba ndi mtedza. Ndiye adayamba kundizindikira. Adaimirira, napukuta manja pachitenje, nandilonjera ndi manja awiri. Pambali pake padali mnyamata wovala yunifolomu, kope lili pamwendo. "Uyu ndi mwana wanga woyamba, aphunzitsi," iye adatero. "Ali Fomu 1. Masamu akamuvuta ndimamuthandiza ndine. Zanu zija sindidaiwale: nambala ikawoloka mtsinje imasintha chizindikiro." Adaseka mokondwa, ndipo mnyamatayo adagwedeza mutu kuvomereza.

Patsogolo pawo padali sikelo ya mbale ziwiri, mwala wa kilogalamu imodzi uli mbali ina. Ndidayang'ana dzuwa, n'kuona kuti minibasi yomaliza ya kwathu inditsala. Ndidakoka chidebe chopanda kanthu, n'kuchivundikira, n'kukhalapo.

"Mayi," ndidatero, "zaka 20 zapitazo mudandifunsa funso, ine osakuyankhani. Tandibwerekani sikelo yanuyi pang'ono. Iwe mnyamata, tsekula kopelo, ulembe 3x = 12."